Seva Imene Inakana Kutumiza Uthenga wa Maliro

Panali munthu wina, dzina lake Kadammanja, mlembi wa bungwe la anthu a ku Ntchisi okhala m'tauni ndi ku Joni. Ntchito yake inali yolengeza matenda ndi maliro. Anthu atachuluka, iye anabwereka seva, ndiye kuti kompyuta ya kampani ina ya kutsidya kwa nyanja, kuti izitumiza maimelo kwa onse nthawi imodzi.

Masiku amenewo amalume ake anali kayakaya kuchipatala. Iye analemba uthenga kuti abale akhale tcheru, koma uthengawo sunatuluke. Anayesanso, osatheka. Makina anali bwinobwino. Khomo lotulukira maimelo ndilo linali lotseka.

Mlamu wake, wodziwa zamakompyuta, anati, "Alamu, musavutike. Ndikudziwa kanjira kozembera. Kapena mukudikira kuti seva ikupatseni moni?"

Koma Kadammanja anali munthu wofunsa. Anati, "Mwini nyumba satseka khomo popanda chifukwa. Anaona chiyani?"

Choncho anafunsa eni seva. Iwo anamuyankha kuti amatsekera mlendo aliyense, chifukwa ena obwereka amamwaza maimelo achinyengo, ouza anthu kuti awina galimoto. Zikatero, dzina la seva limaipa, ndipo makalata onse ochokera kumeneko amakanidwa, a wolungama ndi a wakuba omwe. Kenaka anamufunsa kuti iye ndani, akulembera yani, ndiponso ngati anthuwo anavomera kulandira mauthenga ake.

Funso lomalizali linamudabwitsa. Kwawo uthenga wa maliro supempheredwa chilolezo. Mwambo umangofika pakhomo. Mlamu uja anati, "Ingolembani kuti inde. Adzabwera kuno kudzawerenga mitu?"

Iye sanalembe inde. Anafuna kudziwa ngati alipodi munthu wokana uthenga wa kumudzi. Anaimbira anthu ake mmodzimmodzi, amalume ali chigonere. Ambiri anavomera. Koma mayi wina anati imelo imene bungwe linkatumizako mauthenga inali ya malemu amuna ake, ndipo uthenga uliwonse wa maliro wofika m'dzina lawo unkamuliza. Bambo wina anati yake inali ya kuntchito, ndipo abwana anali atamuchenjeza kale. Kadammanja anawachotsa amenewa pa mndandanda, naika njira yoti wosafuna azidzichotsa yekha. Atatero anauza eni seva zonse monga zinalili, ndipo iwo anatsegula khomo.

Amalume atatsikira kulichete, uthenga unafika, ndipo a ku Joni anapeza maliro asanaikidwe.

Tsono inu ana anga, mukakumana ndi lamulo lokutchingani, musathamangire kulitcha lopusa. Yambani mwafunsa kuti linaikidwa pofuna kuteteza yani. Mwina mudzapeza kuti likuteteza mayi wamasiye kwa inu amene, pamene inu mukudziyesa wochita zabwino.