Matabwa a Mlatho wa Yotamu

Kalekale, msewu usanafike kuno, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Yotamu Chikadza, agogo a agogo anu. Nkhani yake ndimainena mutu uli pansi, pakuti magazi ake ndi athu.

Yotamu anali mmisiri woopa Mulungu. Boma litasonkhetsa msonkho m'midzi yonse ya kuno, linagula matabwa a mbawa oti amangire mlatho pamtsinje wolekanitsa ife ndi chipatala, ndipo linamuika iye kukhala kapitawo. Matabwawo anawaunjika pakhomo pake.

Kodi Yotamu anaba? Ayi, sanadzitengere ngakhale msomali. Tchimo lake linali kulephera kukaniza mbale.

Kutagwa maliro, kunabwera malume ake, a Dzoole. "Mphwanga," anatero, "tikulunge munthu m'mphasa, matabwa ali mbwee pakhomo pako? Ndi a boma awa, kodi boma lili ndi maso?"

"Ndi a mlatho, malume."

"Mlatho ndi mbale wako?"

Yotamu anapereka. Maliro ena, anapereka. Wina anafuna chitseko, anapereka. Anthu ankamutama kuti ndi wamtima wabwino, iye n'kumakondwa. Pomanga mlatho matabwa anaperewera. Kodi akanauza ndani? Pakati pa mlathowo anayalapo mitengo yaiwisi, nathirapo dothi. Bwana wochokera kuboma anayendapo ndi nsapato zake, nati ntchito yatha bwino.

Koma Wam'mwambamwamba amaona ndi zapansi pa dothi zomwe.

Mvula yachiwiri itagwa, Esitere, mlongo wake wa Yotamu, nthawi yake yochira inakwana, koma zinthu zinavuta. Anamukweza pangolo kuthamangira naye kuchipatala. Ng'ombe zinaponda pa mbawa, mlatho unapirira. Zinaponda pakati paja, mlatho unathyoka. Anamuvuula ali moyo, koma madzi anali odzaza, kowolokera kwina kunali kutali. Esitere anatsirizikira pagombe, denga la chipatala likuoneka tsidya.

Pokonza maliro, a Dzoole anayandikira nanong'ona: "Matabwa abwino a mlatho aja atsakamira m'mabango. Katengeko, mlongo wako agone mwaulemu."

Yotamu anawayankha: "Malume, munandifunsa ngati mlatho ndi mbale wanga. Uyo wagona apoyo."

Anapita kunyumba kwake, nazula chitseko chake chomwe, chimene anachipala ndi mtengo wa m'munda mwake, nakhomera mlongo wake bokosi. Atachoka kumanda anayenda wapansi mpaka kuboma, nakaulula zonse. Ukapitawo anamulanda. Anabwerera kudzagwira ntchito pamlathopo ngati wonyamula matabwa, osalandira kanthu, ndipo nyumba yake inakhala yopanda chitseko kufikira tsiku la imfa yake. Mphepo inkalowa, mbuzi zinkalowa. Akamuuza kuti aikepo china, ankati, "Zisiyeni, aliyense wodutsa aone."

Ana anga, ena a inu mukusunga mankhwala m'zipatala, ena feteleza, ena mafuta a galimoto za boma. Abale adzabwera, ndipo adzabwera akulira zenizeni. Athandizeni ndithu, Mulungu amafuna chomwecho. Koma chinthu cha boma chili ndi eni ake: aliyense amene anasonkha, ndi aliyense amene adzafune kuwoloka. Ndi chifukwa chake m'banja mwathu muno, mbale akapempha chimene tinangosungitsidwa, sitikangana naye. Timadzuka, n'kukazula chitseko chathu.