Njinga Yamoto Imene Inazima Pamtsinje

Panali munthu wina amene ankakhala kutsidya kwa mtsinje, kutali ndi chipatala. Bambo ake atamwalira anamusiyira njinga yamoto yakale, imene inali itagona kuseri kwa nkhokwe zaka zambiri. Nkhuku zinkaikira mazira pansi pake. Makoswe anali atadya chishalo chonse.

Munthuyu anati aidzutsa basi. Anapala dzimbiri, anagula matayala, anasoketsa chishalo, naipaka penti yofiira psuu. Kenako anaikankha mpaka kwa makaniko.

Makaniko anailiza, natchera khutu pa injini, napukusa mutu. "Achimwene, koilo yam'katimu inapsa kalekale. Ndiyo imabwezera moto m'batire njinga ikamayenda. Njinga zakalezi batire likatha, injini imazimanso. Titsegule, tiike koilo yatsopano yamphamvu ndi mawaya ake."

"Koiloyo amaiona ndani?" anatero mwini njinga. "Inu ndiikireni magalasi ndi hutala yolira ngati ya basi."

Tsono anapeza nzeru yake. M'mudzimo munali nkhalamba ina yokhala ndi sola padenga. M'mawa ankazula batire kukalisiya kwa nkhalambayo, masana n'kukalitenga litakhuta. Njinga inkauluka. Anthu ankasiya makasu m'minda kuiyang'ana, iye n'kumawaombera hutala. Kwa nkhalamba ija ngakhale zikomo sankanena.

Kenako kunagwa mvumbi. Dzuwa linasowa, sola inagona. M'masiku omwewo mayi ake anadwala, kupuma kwawo kukumveka ngati macheka pamtengo wauwisi. Anathamangira batire lake.

"Mwanawe, dzuwa kulibe," inatero nkhalamba. "Ndilibe choti ndikupatse."

Analitenga lanjala lomwelo. Anakweza mayi ake, anthu nawamangirira kumsana kwake ndi chitenje kuti asagwe. Njinga inalira, ananyamuka ulendo wa kuchipatala.

Pamtsinje uja panalibe mlatho, koma konkire yoyala pansi, madzi akudutsa pamwamba pake kulekeza m'akakolo. Analowa. Pakati penipeni injini inatsokomola, n'kuzima. Anaponda kiki, zii. Anapondanso, zii. Anadina hutala yake ija kuti aitane anthu, koma sinatulutse ngakhale kamawu.

Pamenepo anamva mkokomo kumtunda, ngati chigayo chikubwera chokha. Anali madzi a kumapiri. Bango linayamba kugwada. Madzi anasanduka ofiirira, nakwera kufika m'mawondo, atanyamula ziputu ndi mapesi.

"Mwana wanga, taimiranji?" anafunsa mayi ake pakhutu pake.

"Tikupita amayi, ingondigwirani zolimba."

"Bambo ako njinga imeneyi sinkawazimira pamadzi."

Munthu uja anatsika. Anataya njinga, nayamba kupapasa konkire ndi mapazi, mayi ali kumsana, madzi akumukankha m'chiuno. Atagwira udzu wa kutsidya anacheuka. Anaona penti yofiira ikugubuduzika, galasi linang'anima, kenako panalibenso kanthu.

Chipatala chinali chikadali kutali. Anathamanga m'matope akuwayankhulitsa mayi ake, iwo akuyankha motsitsa. Anathamangabe, akuwaitana. Pena pake panjira anazindikira kuti akuyankhula yekha, ndipo chitenje chalemera.

Abale anga, njinga ija ndi moyo wanu. Penti ndi masuti anuwa, ndi nyimbo zimene mumakweza pamaliro kuti tikuoneni. Koilo ndi pemphero la mumtima mwako iwe mwini, limene palibe amaliona, limene limabwezera mphamvu ya Mulungu uli pa ulendo. Ambiri a inu koilo yanu inapsa kalekale, ndipo mukudziwa. Mwakhala mukuyendera moto wobwereka. Mumati kunyumba kuli nkhalamba imatipempherera, zikwanira. Nkhalambazo mumazisiya zokha, mumazikumbukira batire likatha. Zikadwala simubwera. Zikafa mumafika ndi nsapato zopukuta, n'kumafunsa za munda.

Tsono mverani. Nkhalambazo zikutha, tikuzikwirira ife tomwe ndi manja athuwa. Tsiku la mvumbi likubwera, ndipo silidzakupezani pabwalo anthu akukuombera m'manja. Lidzakupezani pakati pa mtsinje, wina amene mumam'konda atamangiriridwa kumsana kwanu. Lolani Ambuye atsegule mtimawo lero, achotse chopsacho, aike chatsopano, madzi akadali m'akakolo.