Supuni ya Ingunn

Kwa a Torhild ku Bodø, mzinda wa kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, m'mawa uliwonse wa nyengo yachisanu unkayamba ndi supuni ya mafuta a nsomba. Chaka chimenecho Ingunn, mtsikana wawo wa zaka khumi ndi zisanu, ankameza yake n'kubwerera kukafunda. Sukulu anasiya, anzake akaimba foni osayankha. A dokotala Aune anati ndi matenda ovutika maganizo, ndipo pomulembera mankhwala anachenjeza kuti amachedwa kugwira.

A Torhild sanali munthu wodikira. Mu Meyi Ingunn anayenera kulandiridwa mu mpingo pamodzi ndi anzake, ndipo chovala cha makolo chopeta bwino chinali chitasokedwa kale. Iwo eni ankamwa mapiritsi a chithokomiro, ndipo ankakumbukira kuti asanawayambe, nawonso ankangofooka ndi kulira.

"Magazi ndi amodzi, matenda angasiyane bwanji?" anadziuza choncho.

Basi udokotala unawalowa. Anayamba kuperera piritsi lawo mu supuni ya mwana, osauza munthu.

Poyamba Ingunn anadzukadi, mpaka anayesa chovala chija. Kenako mtima unayamba kuthamanga, manja kunjenjemera, tulo osabwera.

"Amayi, kodi ndikuchira kapena ndikupenga?"

"Ukuchira, mwanawe. Tamwa."

A dokotala anaganiza kuti olakwa ndi mankhwala awo aja, ndipo anamusiyitsa, chonsecho anali atangoyamba kuthandiza. Chisoni chinabwerera, kunjenjemera osaleka. Atamuyeza magazi, mutu wawo unaima.

"Mu Januwale chithokomiro chake chinali bwinobwino. Lero magazi akunena zina, ndipo sindikumvetsa. Kunyumba alipo amene amamwa mankhwala a chithokomiro?"

A Torhild anazyolika. "Ndimangomupatsako anga, kuti achire msanga."

"Mu supuni ija?" Ingunn anafunsa chapansipansi.

Pa tsiku la mwambo anzake analowa m'tchalitchi atatchena, iye ali gone m'chipatala, chovala chili lende kuseri kwa chitseko. Patapita miyezi anapeza bwino n'kubwerera kusukulu. Koma chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti mpaka lero salandira kanthu kochokera m'manja mwa mayi ake. Akamupangira tiyi amathokoza mwaulemu, n'kupita kukadzipangira wina.

Nambala ya a dokotala inali m'foni ya a Torhild nthawi yonseyo, ndipo funso loti awafunse linali limodzi lokha. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.