Munga wa Nkhanga Unafupika

Nkhanga ndi Nungu ankakhala m'dambo limodzi, ndipo chimene chinkawakumanitsa chinali mapira. Nungu anali ndi nkhokwe yaikulu yomwe ankakongoza aliyense wosowa chakudya. Wokongola aliyense ankapatsidwa munga umodzi wa pamsana pa Nungu. Akabwera ndi nsengwa, Nungu ankaimika mungawo pakati n'kuthira mapira mpaka munga utabisika.

Lamulo linali limodzi: kubweza mwezi watsopano ukangooneka. Wina akachedwa, Nungu ankaluma munga wake kunsonga, pang'ono chabe, osam'kalipira n'komwe.

Nkhanga sanali wakuba, tisamunamizire. Vuto lake linali kuzengereza. Mwezi ukaoneka, mapira obweza amakhala ali m'nyumba, koma iye ali pafumbi kusamba ndi anzake, miseche ili mkati. Akakumbuka, mwezi unali utakula kale.

"Ndachedwako pang'ono, a Nungu, koma si awa mapira anu?" ankatero akuseka.

"Ndalandira, mayi. Bweretsani munga," ankayankha Nungu, n'kuluma kansonga.

Nkhanga sankadandaula. Chakudya chinali mbwee m'tchire, ndipo kansonga kamodzi ankakaona ngati si kanthu. Miyezi inapita, nsonga zikupita nayo.

Kenako kunabwera chaka chimene mvula inadula mapira asanache. Ziwala zinasowa, udzu unauma usanabale njere. Nkhanga anali atangoswa anapiye, ndipo anawo ankalira njala usana wonse. Nkhanga anatenga nsengwa n'kuthamangira kwa Nungu.

Patsogolo pake panali Njiwa, mnansi wake amene Nkhanga ankamuseka kuti ndi wamantha chifukwa chobweza msanga. Munga wa Njiwa unali wautali ngati tsiku lomwe anaulandira, ndipo anachoka nsengwa itadzaza. Nkhanga atatulutsa wake, anachita manyazi. Unali utatsala ngati kachitsotso.

Nungu anauimika, anathira mapira pang'ono, ndipo munga unabisika pomwepo.

"Onjezani, a Nungu. Ndili ndi ngongole yanu ine? Sindinabweze zonse?"

"Munabweza, mayi, koma liti? Masiku amene inu munkachedwa, ena ankabwerera pano chimanjamanja. Chaka chino mapira ndi ochepa, ndipo onse ali pamzerewa akudalira kuti wotenga abweza pa nthawi yake."

"Ndipatseni munga wina, ndasintha."

"Mukabweza pa nthawi yake mpaka dzinja likubwerali, ndidzakupatsani wautali."

"Ana anga safika dzinja," anatero Nkhanga.

Nungu anawerama. Chisoni anali nacho ndithu, koma kumbuyo kwa Nkhanga mzere unali wautali, aliyense atagwira munga wake.

Nkhanga anabwerera ndi timapira tosakwirira n'komwe pansi pa nsengwa. Anawagawira anawo njere imodziimodzi, iye osadya. Njiwa anam'patsako pang'ono, koma nayenso anali ndi ana ake. Anapiye anayamba kufooka, ndipo m'mawa uliwonse olira ankachepa.

Mwezi watsopano utaoneka, Nkhanga anali woyamba kufika pakhomo pa Nungu ndi njere zomwe anatola movutikira. Anabweza pa nthawi yake koyamba m'moyo wake. Koma pobwerera kunyumba, panalibe mwanapiye woti amuchingamire.

Phunziro: Wokongoza sayang'ana zoti unabweza zokha, amakumbukiranso tsiku limene unabweza. Kuchedwa kumene ukukuona ngati kochepa lero kudzakuchepetsera thandizo pa tsiku la mavuto.