Mapaipi a M'mutu mwa Usta Shehata

Ku Damanhur, m'dziko la Egypt, kunalibe mpopi umene unkawakanika Usta Shehata (Usta ndi dzina laulemu la mmisiri). Madzi akavuta m'nyumba zosanja, anthu ankangoti, "Itanani a Usta." Vuto la munthu wotamidwa n'lakuti amayamba kuganiza kuti chilichonse pansi pano ndi paipi, ngakhale thupi lake lomwe.

Dokotala atawapeza ndi matenda othamanga magazi, anawapatsa mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku, n'kuwaletsa mchere. A Usta ankamwa mutu ukawawa basi. Kamfuno akayamba, iwo ankakondwera.

"Bambo a Hamdi, weramani, mutsine mphunoyo!" ankatero akazi awo, mayi Nagat, atanyamula thaulo.

"Iwe Nagat, unayamba wagwirapo sipanala? Thanki ikadzaza, madzi amatulukira pa kapaipi kapamwamba. Ukatsekapo, imaphulika. Asiye atuluke, mphamvu ichepe."

Pa chikondwerero cha Sham el-Nessim banja linakhala pansi kudya fesikh, nsomba ija yogonera mumchere mpaka fungo lake kuthamangitsa amphaka. A Usta anadya yawo, n'kuthandizanso ya mlamu wawo, n'kutsitsira ndi madzi ozizira a chidede. "Ichi chimakweza, ichi chimatsitsa," anatero akusisita mimba. Posakhalitsa magazi anayamba kudontha pa mkanjo wawo woyera wa galabiya. Mayi Nagat anathamangira kwa a Girgis, a sitolo ya mankhwala ya pansi pa nyumbayo.

A Girgis atafika, anawakhazika a Usta moweramira kutsogolo, n'kuwatsina pofewa pa mphuno kwa mphindi khumi mpaka magazi analeka. Atawayeza kuthamanga kwa magazi pa mkono, anaimba mluzu.

"A Usta, m'mphunomu muli timitsempha topyapyala, tikang'ambika n'chilonda chabe, si potulukira mphamvu ayi. Mtima ukukankhabe momwemo. Tiyeni kuchipatala lero lomwe."

"Adokotala, mpopi wa kwanu uja ndinakonza ndine. Inu munalephera ngakhale kamphira kokha. Ndiye lero mundiphunzitse za mapaipi?"

Onse anaseka, kupatula mayi Nagat.

Sabata yotsatira, a Usta ali pansi pa sinki ya kasitomala, sipanala inapulumuka m'dzanja lawo lamanja. Anayesa kutukwana, koma lilime linakana. Kuchipatala cha boma, dokotala wamkazi anawaonetsa chithunzi cha ubongo wawo, n'kuloza kachidontho koyera.

"Apa mtsempha waphulika, bambo. Mwayi wanu ndi wakuti mtsemphawo ndi waung'ono. Dzanjali mwina lidzabwerera, mwina ayi."

A Usta analimbana ndi kamwa lawo lopotoka mpaka mawu anatuluka. "Simu... simungasinthe?"

"Khoma limeneli sitigumula n'kuika mtsempha wina watsopano."

Mayi Nagat anatulutsa piritsi m'chikwama, n'kuliika pa lilime la amuna awo. "Mezani, akatswiri," anatero. A Usta anameza ngati mwana wa sukulu.

Sindine wofulumira kuseka wodwala, pakuti tonse tili ndi kachinthu kamene timati timakadziwa kuposa adokotala. Koma a Usta anauzidwa kunyumba, anauzidwa kusitolo, n'kudikira kuti awauze ubongo wawo. Akale sananame: samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.