Thobwa la Nangondo

Panali munthu wina, mkulu wa mpingo, dzina lake bambo Kachiwanda. Anali ndi mtima wabwino ndi thupi lalikulu. Akakhala pabenchi la kutsogolo m'tchalitchi, benchilo linkadandaula, anzawo n'kusunthira kwina mwaulemu. Anthu ankayamikira akazi awo, a Nasoko, kuti amadziwa kusamala mwamuna. A Kachiwanda ankangoseka, akusisita mimba.

Mpingo unawapatsa mlaga wa kuphiri, kadera kena ka mpingowo, kuti aziuyang'anira. Unali mlaga wa nkhalamba, amasiye ndi odwala, anthu amene miyendo yawo sinkalolanso kutsika kudzapemphera. Loweruka lililonse a Kachiwanda ankakwera phirilo n'kuyenda khomo ndi khomo, kupemphera nawo ndi kumva madandaulo awo. Ntchito imeneyi ankaikonda kuposa china chilichonse. Ankati, "Tsiku limene ndidzaleke kukwera phiri ili, mudzangoyamba kundikumbira manda."

Koma thupi linayamba kuwakana. Mawondo ankalira, mtima unkagunda ngati wina akusinja m'chifuwa. Kuchipatala anawakweza pasikelo, anawayeza magazi, dokotala n'kupukusa mutu.

"Bambo, shuga wakwera, magazi akuthamanga. Mukapanda kuchepetsa thupili, lidzakugonekani pamphasa."

A Kachiwanda sanali munthu wochita zinthu mwachibwana. Nsima yoyera anaisiya, n'kumadya mtanda umodzi wa mgaiwa. Ndiwo zawo zinali bonongwe, chisoso ndi nkhwani wongowiritsa, mwina kausipa pambali. Tiyi ankamwa wopanda shuga, atakwinya nkhope. Mandasi ankawalambalala ngati mkazi wa mwini. Akamadutsa pamsika pomwe anyamata amakazinga nyama ya nkhumba, ankayang'ana kumwamba n'kumaimba nyimbo ya Mulungu.

M'mawa uliwonse ankazungulira bwalo la mpira la pasukulu, akuthamanga monga mmene munthu wa thupi lotero angathamangire. Amayi opita kumjigo ankaima ndi ndowa zawo n'kumafunsana kuti kodi akulu a mpingo akuthawa chiyani. Iwo sankasamala, ankangopukuta thukuta n'kuzunguliranso.

Mvula inabwera, chimanga chinamera, chinafika m'chiuno. A Kachiwanda anabwerera kuchipatala akudziguguda pachifuwa. Anavula nsapato, anavula jekete, anatulutsa ngakhale makiyi m'thumba. Muvi wa sikelo unayenda n'kukaima pomwe unaima kale.

"Mumadya mobisa inu," anatero dokotala.

Mawu amenewo anawapweteka kwambiri, chifukwa sanali munthu wabodza. Anapita kwawo, n'kuchepetsanso mtanda uja mpaka unatsala ngati wa mwana. Anawonjezera kuthamanga. Koma lamba anakhalabe pabowo lomwelo. Anakwiyira sikelo, anakwiyira dokotala, ndipo tsiku lina analira pamaso pa Mulungu. Munthu ukalephera chifukwa cha ulesi, umadziwa pokonza. Koma ukachita zonse n'kulepherabe, mtima umafooka.

Loweruka lina, ali pakati pa phiri, maso anachita mdima. Anagwa m'mbali mwa njira, anthu anayi n'kuwanyamula kutsika nawo. Atapezako bwino, abusa anabwera kudzawazonda. Abusawo anali munthu wachifundo, koma wosabisa mawu.

"Akulu, sindifuna kuti mudzafere panjira. Tikakolola ndidzakwera nanu limodzi. Phiri likadzakukanani, mlagawu ndidzaupereka kwa wina."

Kuyambira pamenepo a Nasoko anakana kuti amuna awo azikwera okha. Loweruka lotsatira anamanga chitenje, ananyamula Baibulo, n'kutsatira pambuyo. Kanali koyamba kuti aone mmene amuna awo amayendera mlaga.

Pakhomo loyamba anawayalira mphasa, mwini nyumba n'kutuluka ndi chikho cha thobwa. A Kachiwanda anamwa mpaka pansi. Pakhomo lachiwiri kunabwera chikho china, chachikulu kuposa choyamba. Kwina anawapatsa tiyi wa shuga wambiri, woti supuni ikhoza kuima yokha. Nyumba iliyonse inkafuna kuposa inzake, pakuti nkhalambazo zinkawakonda mkulu wawo, ndipo chikondi chawo chinkabwera m'chikho. Potsika, a Nasoko anaiyamba nkhani.

"Bambo, ine kunyumba ndimakuphikirani ngati wodwala, koma kuno akukumwetsani ngati mkwati."

"Aa, mayi, limenelija si chakudya. Ndi thobwa chabe, chakumwa."

"Nanga thobwa amaphika ndi chiyani? Si ufa? Si chimera? Si shuga? Ndiye mumalimwa Loweruka lokha? Pamaliro, pachinkhoswe, pomanga tchalitchi, chikho choyamba amapatsa ndani?"

A Kachiwanda anaima chilili panjira. Chakudya ankachidziwa kuti ndi chimene munthu amasambira m'manja. Chimene chimangodutsa kukhosi sankachiwerengera. Miyezi yonse ija ankatseka chitseko cha kumaso, cha kuseri chili pululu.

Munthu angaganize kuti nkhani inathera pomwepo, kuti anangosiya thobwa. Koma kumeneko kukana chikho sinali nkhani yaing'ono. Mwini nyumba ankayamba walawa yekha pamaso pa mlendo, kusonyeza kuti mulibe choipa. Mlendo akakana chikho cholawidwa kale, ndiye kuti wanena mawu oopsa osatsegula pakamwa.

Ndipo pamwamba penipeni pa phirilo pankakhala mayi wina wamasiye, dzina lake Nangondo. Zaka za m'mbuyomo mwana wa mnansi wake anadya mbatata pakhomo pake, patapita masiku n'kudwala malungo, n'kumwalira. Anthu anayamba kunong'onezana kuti Nangondo ndi mfiti. Palibe amene anamuuza pamaso. Anangoleka kulandira chilichonse chochokera m'manja mwake. Ana ankawakoka akayandikira khonde lake. Munthu mmodzi yekha ndiye ankamwa thobwa la Nangondo, ndipo ankamwera dala panja, zikho ziwiri, kuti onse aone. Munthuyo anali bambo Kachiwanda.

Choncho nkhani inawakulira. Akakana la Nangondo, anthu adzati, "Mwaona? Ngakhale akulu a mpingo azindikira." Akamwa la Nangondo lokha n'kukana la ena onse, adzati, "Wawadyetsa mankhwala, n'chifukwa chake sakumwanso kwathu." Akamwa konsekonse, thupi liwagoneka pamphasa, ndipo Nangondo adzatsala wopanda womuyendera. Sabata yonse a Kachiwanda anayenda ndi nkhawa imeneyi. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe wina akanawanenera mawu okana chikho.

Loweruka litafika, sanayambire kumunsi monga mwa masiku onse. Anadutsa makomo onse akungopereka moni, akupuma pamwala uliwonse, a Nasoko ali pambuyo. Anthu anadabwa, ndipo ena anawatsatira kuti akaone kuti kwagwanji. Pofika kwa Nangondo, kunali kagulu ndithu kataima chapatali, pansi pa mtengo wa mango.

Nangondo anayala mphasa mwachimwemwe. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikho chodzaza. Anagwada, nachikweza kuti alawe. A Kachiwanda anamugwira dzanja.

"Mayi, lero thobwa sindimwa."

Pansi pa mango paja anthu anayang'anana. Nkhope ya Nangondo inagwa. Tsiku limene ankaliopa zaka zonsezi linali litafika.

A Kachiwanda anakweza mawu kuti onse amve.

"Sindimwa lanu, sindimwa la aliyense paphiri pano. Ndikudwala shuga, ndipo thupi ili likundipha. Ndikapitiriza kumwa, chaka chamawa simudzandionanso. Koma ndili ndi ludzu, mayi. Lowani m'nyumba, mukanditungire madzi a mumtsuko mwanu."

Nangondo analowa. M'nyumbamo munali mdima, palibe amene ankaona chimene manja ake akuchita. Anatuluka ndi madzi, nawakweza kuti alawe. A Kachiwanda anamuletsanso.

"Musalawe. Mwana salawiridwa ndi mayi wake ngati mlendo."

Analandira madziwo n'kumwa onse, pang'onopang'ono, maso ali kwa anthu aja. Kenako ananyamula chikho cha thobwa chija n'kuchikweza.

"Thobwa lokoma chonchi litayike? Ine ndakhala ndikumwa ndekha chikho chimene tonse tinayenera kumwa, mpaka chandilemera. Ndani andithandize?"

Palibe anasuntha. A Nasoko anatambasula manja, analandira chikho, anamwa, n'kupukuta pakamwa ndi chitenje. Kenako anaimirira n'kuyenda nacho mpaka pansi pa mango. Anaima pamaso pa mayi wa mwana anamwalira uja. Mayiyo anayang'ana chikho, anayang'ana Nangondo ali chigwadire pamphasa, misozi ili mbwembwembwe. Anachilandira ndi manja awiri, namwa. Chikho chinayenda dzanja ndi dzanja, n'kubwerera kwa mwini wake chopanda kanthu. Nangondo anathamangira m'nyumba kukadzazanso, ndipo tsiku limenelo mtsuko wake wa thobwa unatha koyamba.

Kuyambira pamenepo phiri lonse linasanduka alonda a bambo Kachiwanda. Akafika pakhomo, ankawapatsa madzi ozizira. Pamaliro munthu wosadziwa akawabweretsera thobwa, nkhalamba zinkamukalipira kuti, "Iwe, ukufuna kutiphera mkulu wathu?"

Thupi silinatsike tsiku limodzi. Masabata oyamba sikelo inkangosuntha pang'ono, ngati ikuchita manyazi. Koma iwo anapitiriza mgaiwa wawo, bonongwe wawo ndi bwalo lawo la mpira. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tsiku lina anatenga msomali n'kuboola lamba bowo latsopano. Patapita nthawi anaboolanso lina. Jekete la tchalitchi analitengera kwa telala kuti alichepetse. Amiseche anayamba kunena kuti akulu a mpingo akudwala matenda obisa, kapena a Nasoko aleka kuphika. A Kachiwanda atamva anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo anadabwa kuti nthitizo zikugwirika.

Anthu atakolola, abusa anabwera monga analonjezera. Anauyamba ulendo limodzi m'munsi mwa phiri. Pofika pamalo paja anagwera tsiku lija, a Kachiwanda sanaime. Anayambitsa nyimbo, n'kumaimba akukwera. Abusa anayesa kuvomereza, koma mpweya unawathera pa ndime yoyamba. Atafika pamwamba ali wefuwefu, anapeza a Kachiwanda atakhala kale pakhonde la Nangondo, kapu ya madzi ili m'manja. Pamphasa panali amayi a m'mudzimo, akupatsirana chikho, ana akusewera pabwalo.

"Abusa, mwafika? Khalani pansi mupume. Mayi Nangondo, apatseni thobwa abusa, phiri lawakana."

Abusa anaseka, analandira chikho, namwa. Za kupereka mlaga kwa wina sanazitchulenso.

Tsono iwe amene wamva fanizoli, mwina nawe watopa. Wasiya zokoma, wakhetsa thukuta, koma palibe chikusintha, ndipo wayamba kudziyesa wolephera. Usanataye mtima, yang'ana chimene sunachiwerengere. Kawirikawiri sichibwera ngati mdani. Chimabwera m'manja mwa anthu okukonda, ndipo umachilandira poopa kuwakhumudwitsa. Auze zoona. Amene amakukonda sakufuna kuti umalize chikho chawo. Akufuna kuti chaka chamawa adzakuone ukukweranso phiri kudzawapatsa moni.