Penti wa Pabalaza

Panali mayi wina m'tauni amene mwana wake wamkazi anali ndi chinkhoswe Loweruka. Ankafuna kuti akuchimuna akadzalowa pabalaza pake adzasowe chonena. Anaitana wopenta nyumba, ndipo anabwera ndi zitini ziwiri za penti wa pepo. Wina anali ngati khungu la biringanya, wowalako pang'ono. Winayo anali wodera, ngati jambula wakupsa.

Wopentayo anapaka pang'ono pakhoma, wina uku wina uku. Mayiyo anayang'ana m'mawa, anayang'ananso masana. Sanaitane mnzake ndi mmodzi yemwe, poopa kuti angamubere nzeru. Anasankha woderayo. Wopenta anamuuza mwaulemu kuti ameneyo akauma amafanana ndi nsalu yoyala m'bokosi la maliro.

"Bambo, inu gwirani bulashi," anatero mayiyo. "Maso ndi anga."

Lachisanu ntchito inatha. Masofa ndi mipando zinali zidakali panja, zitseko zili pululu kuti penti aume. Mayiyo anayala mphasa pakati pa balaza lopanda kanthu kuti asirire makoma ake. Anafunda chitenje, tulo n'kumuba.

Mayi woyandikana naye anaona mipando panja. Kwathu kuno mipando situluka chabe. Anasuzumira, naona makoma amtundu umenewo, pamphasa pali munthu wofunda mpaka kumutu. Anabuma. Posakhalitsa amayi anadzaza pakhomo, ena atayamba kale nyimbo. Ankhoswe akuchimuna, amene anabwera kudzamalizitsa zokambirana, anavula zipewa n'kukhala pamasofa paja mwakachetechete.

Pakati pa nyimbo, womwalirayo anadzuka n'kufunsa kuti akutsamira khoma lake ndani.

Anthu anapondana pakhomo. Ankhoswe aja sanatsanzike. Madzulo anatumiza mawu akuti mwana wawo sangalowe m'banja loyamba ndi malodza otere, ndipo Loweruka panalibe chinkhoswe.

Amayi anzanga, musaseke. Nyumba yanga ndaipenta kanayi, ndipo nonse mukudziwa kuti pabalaza panga munthu amavula nsapato asanauzidwe. Kusukulu ndinapitako ndithu, sindinathere panjira. Komabe ndisanatulutse ngakhale kampando kamodzi, ndimagogoda kwa anzanga kuwauza kuti kwanga kuli ntchito. Nyumba ndi yanu, inde, koma amene amaiwerenga ali panja. Mukawabisira, adzawerenga okha, ndipo adzakulirani muli moyo.